Kujambula ma nebula uli pa Joni: ugule chiyani, usiye chiyani

Usiku wina mu Juni, kuseri kwa nyumba imene ndimachita lendi ku Kempton Park, ndinaimika kamakina kanga pa simenti pafupi ndi waya woyanikapo zovala. Kunkazizira kuzizira kwa Joni kuja kolowa mpaka m'mafupa. Madala ena a ku Ntcheu amene timakhala nawo mpanda umodzi anatuluka kukataya madzi otsukira mbale. Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana kumwamba. Thambo linali lofiirira ngati fumbi la pamsewu wadothi, nyenyezi zake zochita kuwerenga ndi zala.

"Achimwene, mukufunafuna chiyani m'mwambamo? Kuno kulibe nyenyezi. Nyenyezi tinazisiya kumudzi."

"Madala, taimani kaye pompo muone pa foniyi."

Poyamba panali mdima ndi timadontho toyera basi. Patapita mphindi zisanu panayamba kuoneka kautsi kofiira. Pofika mphindi 20 kautsi kaja kanali chimtambo chofiira, chong'ambika pakati ndi mizere yakuda yokumana ngati chilembo cha V, nyenyezi zitawazika paliponse ngati mchere. Ndege zonyamuka pa OR Tambo zinkadutsa pamwamba pathu, koma chimtambocho chinkangowonjezera kuwala. Chimene madalawo ankaona ndi Carina Nebula, chimtambo cha mpweya ndi fumbi cha m'kati mwa Mlalang'amba momwe nyenyezi zatsopano zikubadwira mpaka pano. Kuwala kumene kunagwera m'kamakina kanga usiku umenewo kunanyamuka kumeneko zaka zoposa 7,000 zapitazo. Madala anakhala duu, beseni lili m'manja, kenaka analowa kukadzutsa mdzukulu wawo kuti adzaone nawo.

Nkhani inawanda pakati pa anzathu akumudzi, ndipo kuyambira pamenepo funso limene ndimalandira tikatuluka m'tchalitchi ndi limodzi: ndigule telesikopu yanji? Ine ndisanayankhe ndimafunsa kaye anga awiri. Pamene mumagona, pali malo amene mungaimike chipangizo kwa maola awiri osaopa kuti wina achinyamula? Nanga muli ndi njira yotulukira mumzinda usiku, kapena zonse muzichitira pakhomo? Mayankho a mafunso awiriwa ndi amene ayenera kukusankhirani chipangizo, ndalama zibwere pambuyo.

Zimene tikulimbana nazo

Ambiri amaganiza kuti nebula sitiiona chifukwa ndi yaing'ono. Ayi. Carina pathambo ndi yotambalala kuposa mwezi pafupifupi kanayi. Ya Orion, imene ili pafupi ndi nyenyezi zitatu zondondozana zija makolo ankazitcha Akamwiniatsatana, ndi yotambalala kuposa mwezi kawiri. Vuto lake ndi kufooka kwa kuwala. Kamera imathana nalo pokhala chitsegukire nthawi yaitali, monga ndowa imene mwaitchera pa mvula yowaza. Diso la munthu silingatchere choncho, n'chifukwa chake ngakhale pa telesikopu yaikulu nebula mumaiona yotuwa ngati utsi, kufiira kuja kumatuluka pachithunzi pokha. Chithunzi choyamba cha nebula, cha Orion yomweyi, Henry Draper anachijambula mu 1880 ndipo chinatenga mphindi pafupifupi 50. Masiku ano timajambula tizithunzi tambirimbiri ta masekondi 10, 30 kapena 120, n'kutisanjikiza pa kompyuta kuti tikhale chimodzi. Masamu ake ndi ouma: kuti chithunzi chiyere kawiri, nthawi muichulukitse kanayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma pamene mukudekhapo dziko likuzungulira, madigiri 15 ola lililonse. Kamera ikangoima malo amodzi, nyenyezi zimasanduka timizere. Ndiye pamafunika chinthu chotembenuza kamerayo pang'onopang'ono kuti izitsatira thambo, ndipo chinthu chimenechi n'chofunika kuposa galasi lenilenilo.

Kenaka magetsi a mzinda. Amenewa si vuto la lero. Dera lija la Observatory, kum'mawa kwa Yeoville, linatenga dzina lake ku malo oonera nyenyezi amene anakhazikitsidwa pachitunda chimenecho mu 1903. Ndi pomwepo pamene Robert Innes mu 1915 anatulukira Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, poyerekeza zithunzi za thambo. Mzinda utakula, ntchito ya akatswiri inasamuka. Mu 1972 malowa anaphatikizidwa ndi a ku Cape Town kupanga South African Astronomical Observatory, ndipo matelesikopu akuluakulu ali ku Sutherland, m'chipululu cha Karoo, kupitirira makilomita 1,000 kuchokera kuno. Akatswiri anathawa kuwala kumene ife tikukhalamo.

Chimene chimatipulumutsa ife otsala ndi sefa ya kuwala. Ma nebula ambiri otchuka amawala okha, ndipo kuwala kwawo kumabwera m'mitundu yochepa yodziwika bwino: kufiira kwa haidrojeni pa ma nanomita 656 (muyeso umene amasiyanitsira mitundu ya kuwala), ndi kubiriwira kwa okosijeni pa 501. Sefa imene amaitcha dual-band imalola mitundu iwiri yokhayi kudutsa, n'kutsekereza gawo lalikulu la kuwala kwa magetsi a mumsewu. Carina, Orion, Lagoon, Eagle, Omega, Tarantula, Helix, onsewa amatuluka bwino ndi sefa imeneyi ngakhale muli pakati pa Rosettenville. Koma pali mitundu iwiri imene sefa siithandiza. Ma nebula ena amangonyezimira kuwala kwa nyenyezi zoyandikana nawo, monga utsi wabuluu wozungulira Nsangwe. Ena ndi fumbi lakuda lotchinga nyenyezi za kumbuyo kwake, monga Coalsack imene ili pambali pa Mtanda wa Kum'mwera. Amenewa amafuna mdima weniweni. Ngati mtima wanu uli pa iwowa, muwerengeretu ndalama za mafuta a galimoto.

Zimene sindikulangizani kugula

Telesikopu yanga yoyamba ndinaigula m'sitolo ina ya mu mall, bokosi lake litajambulidwa ma nebula a mitundu yokongola ndi malonjezo akuti imakulitsa zinthu kambirimbiri. Inali chikomekome cha mkuyu. Miyendo yake inkanjenjemera ndikangopuma pafupi nayo, ndipo inalibe chotsatira thambo. Mwezi ndinauona bwino, zigwa zake zonse, ndipo sindinong'oneza bondo pa zimenezo. Nebula sindinajambule ngakhale imodzi. Telesikopu iliyonse imene akuitsatsa ndi kakulitsidwe, osatchula kukula kwa galasi ndi mtundu wa choikapo chake, isiyeni pa shelefu.

Dobsonian ndi nkhani ina, ndipo ndimailemekeza. Ndi chimgolo chokhala ndi kalilole wa mainchesi 6, 8 kapena 10, chokhala pa bokosi lamatabwa limene mumakankha ndi dzanja. Poonera ndi diso palibe chimene chimapereka zambiri pa mtengo wake. Mukapita nayo kumdima, Carina idzakugwirani pakhosi. Koma yokankha ndi dzanjayi sitsatira thambo, ndiye mukaika foni pa kagalasi koonerako mudzajambula mwezi, Jupiter ndi Saturn, mwinanso pakati penipeni pa Orion powala kwambiri, n'kuthera pomwepo. Komanso ndi chinthu chachikulu. M'chipinda cha lendi momwe muli bedi, sitovu ndi firiji, mudzagona nacho pamodzi. Ofuna kuona agule. Ofuna kujambula ma nebula apitirire.

Foni payokha, itaikidwa pa miyendo itatu, ikhoza kujambula Mlalang'amba ndi Mtanda wa Kum'mwera mukakhala kumdima, Carina n'kuoneka ngati kadontho kofiirira. Poyambira mpabwino ndipo simulipira kanthu. Mumzinda muno sidzakupatsani zambiri.

Kamera yakale ndi tracker

Apa ndi pamene ndinaphunzirira zonse zimene ndikudziwa, ndiye ndikhalapo pang'ono.

Makamera a DSLR a Canon ndi Nikon ogwiritsidwapo ntchito akupezeka ambiri tsopano chifukwa ojambula maukwati asamukira ku mitundu yatsopano. Anzathu ena ali nawo kale, amajambulira zinkhoswe ndi maphwando Loweruka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: ngati ilipo, yambani ndi imeneyo usiku uno. Ikani pa miyendo itatu, lenzi ya mamilimita 50, tsegulani lenziyo pafupifupi mpaka mapeto, ISO (mphamvu ya kamera yokolera kuwala) ikhale pa 1600, lozani ku Carina kapena Orion. Kuti nyenyezi zisakhale mizere, gawani 500 ndi kutalika kwa lenzi, mamilimita aja olembedwa pa lenziyo, ndipo yankho lake ndi masekondi amene kamera ingakhale chitsegukire. Pa makamera ambiri otsika mtengo, amene sensa yake (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) ndi yaing'ono, kutalikako muyambe mwakuchulukitsa ndi 1.5 kapena 1.6. Pa lenzi ya 50 zimenezi zimapereka masekondi pafupifupi 6, ndipo ine ndimatsitsabe mpaka 4. Jambulani zithunzi 200, muzikonzanso kamera nyenyezi zikayamba kuthawira m'mphepete, kenaka muzisanjikize ndi Siril kapena DeepSkyStacker, mapulogalamu aulere onse awiri. Nebula idzakhala yaing'ono pachithunzipo, koma idzakhala yanu, ndipo mudzadziwa ngati ntchitoyi ikukukomerani musanawononge ndalama.

Ikakukomerani, chogula chotsatira ndi tracker, kamakina kokwana m'chikwama kamene kamakhala pakati pa miyendo ndi kamera n'kumazungulira pa liwiro la thambo. Odziwika ndi Sky-Watcher Star Adventurer ndi iOptron SkyGuider Pro, ndipo onse amanyamula pafupifupi makilogalamu 5. Ndi kameneka, masekondi 4 aja amakhala 60 kapena 90, ndipo mukhoza kuika lenzi yaitali. Ya Samyang ya mamilimita 135, f/2, ndi imene ojambula nyenyezi ambiri amaitamanda, ndipo Carina yonse imalowamo pamodzi ndi magulu a nyenyezi oizungulira. Njira imeneyi ili ndi mbiri yake m'dziko lomwe lino. Mu 1882 David Gill, ali ku Cape Town, anamangirira kamera ya lenzi wamba yojambulira anthu pa telesikopu yotsatira thambo kuti ajambule nyenyezi yamchira yaikulu ya chaka chimenecho. Kuchuluka kwa nyenyezi zimene zinatuluka kumbuyo kwake kunamutsegula maso kuti thambo lonse likhoza kulembedwa ndi zithunzi. Msewu umene uli pa Observatory ya Joni ija ndi Gill Street.

Chovuta cha tracker, chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri mwezi woyamba, ndi kuilozetsa ku nsonga ya kum'mwera imene thambo lonse limazungulirapo. A kumpoto kwa dziko ali ndi nyenyezi yowala, Polaris, pafupi ndi nsonga yawo. Ife tili ndi Sigma Octantis, yofooka moti ngakhale kumudzi imavuta kuiona, ndipo kuno ndi diso lokha iwalani. Mmene ndimachitira: nsongayo ku Joni ili madigiri 26 kuchokera pansi, ndiye ndimayamba ndatchera tracker pa 26. Kenaka ndimatenga mzere wautali wa Mtanda wa Kum'mwera n'kuutalikitsa kanayi ndi theka kulowera kumene phazi la mtandawo laloza. Pamenepo ndi pafupi. Zotsalazo ndi kugwada pa simenti yozizira, diso lili pa kagalasi ka m'kati mwa tracker, kufunafuna tinyenyezi tinayi ta m'gulu la nyenyezi lotchedwa Octans. Usiku woyamba zinanditengera pafupifupi ola. Tsopano mphindi 10. Chenjezo limodzi: kampasi ya maginito kuno imapatuka pafupifupi madigiri 20 kuchoka kumpoto kwenikweni, ndiye ngati mukudalira ya pafoni onetsetsani kuti mwaitchera kuti izionetsa kumpoto kwenikweniko. Ndipo ngati khoma la bwana kapena denga la aneba likutchinga kum'mwera, tracker idzakuvutani pakhomopo, pokhapokha mutalumikiza laputopu ndi pulogalamu ngati NINA imene imatha kulozetsa osaona nsongayo.

China choti mudziwe: makamera wamba ali ndi kagalasi m'kati kamene kamatsekereza gawo lalikulu la kufiira kwa haidrojeni, chifukwa anawapangira kujambula nkhope za anthu. Carina, Orion ndi Lagoon n'zowala mokwanira moti zimatulukabe. Zofooka, monga kufiira kwa kumbuyo kwa nebula ya Horsehead, zimafuna kamera imene kagalasi kameneka kanachotsedwa, ndipo ikatero mitundu ya zithunzi za masana imasokonekera. Ngati kamerayo ndi imene imakudyetsani Loweruka, musaichotse kanthu.

Chigamulo changa pa njira imeneyi: ndi yabwino kuposa zonse kwa munthu amene amatha kutuluka mumzinda, kapena amene amapita kumudzi chaka ndi chaka. Kumdima imapereka zithunzi zotambalala zimene zipangizo zina zotsika mtengo sizingapereke. Pakhomo mumzinda imafuna kuti mugulenso sefa payokha, ndipo imafuna maola ambiri pa kompyuta.

Telesikopu yodziyendetsa yokha

Kamakina kamene ndinaonetsera madala aja ndi ZWO Seestar S50. Inatuluka mu 2023 pa mtengo wa madola pafupifupi 500. Kuno muwonjezerepo zoitanitsira ndi VAT ya 15 peresenti. Imalemera makilogalamu awiri ndi theka. M'kati mwake muli zonse: galasi la mamilimita 50 m'lifupi mwake, kamera, injini zotsatira thambo, sefa ya dual-band, batire, ndi kotenthetsera galasi kuti mame asagwire. Mumaiika pansi, mumailumikiza ku foni, mumasankha nebula pa mndandanda. Imajambula thambo, imazindikira yokha pamene yaloza poyerekeza nyenyezi ndi mapu ake, imatembenukira kumene mwaituma, n'kuyamba kusanjikiza zithunzi za masekondi 10 inu mukuona. Palibe kugwada kufunafuna Octans. Mphindi zisanu kuchokera m'chikwama, yayamba ntchito.

Kwa ife okhala m'zipinda za kuseri, m'mafulati a ku Yeoville okhala ndi kakhonde, kapena m'nyumba za ogwira ntchito m'mipanda ya ku Fourways, zimenezi si zazing'ono. Munthu wabwera kuntchito 7 koloko atatopa, mawa adzuka 5 koloko kuthamangira taxi. Alibe ola lotchera makina. Komanso chinthu chimene mungachinyamule ndi dzanja limodzi n'kulowa nacho m'nyumba mukamva phokoso kumpanda ndi chimene mudzachigwiritsadi ntchito. Chipangizo chabwino chimene chimakhala pansi pa bedi chifukwa choopa kuchitulutsa sichijambula kanthu.

Zofooka zake zilipo ndipo muzidziwe musanagule. Sensa yake ndi yaing'ono, madontho 1920 kwa 1080, ndiye chithunzi chimakongola pafoni koma mukachisindikiza chachikulu chimaonetsa malire ake. Gawo la thambo limene imaona ndi lopapatiza, pafupifupi digiri 1.3 kwa 0.7: Tarantula, Trifid, Eagle ndi Helix zimakwana bwino, Orion imakwana mothinana, koma Carina yonse silowa pokhapokha mutagwiritsa njira yolumikiza zigawo, imene imadya nthawi. Chimene madala anaona chinali mtima wa Carina chabe. Kachitatu, ikaima mowongoka pa miyendo yake imatsatira thambo motembenukira m'mbali ndi m'mwamba, ndiye chithunzi chimapotoka pang'onopang'ono ndipo m'makona mumawonongeka mukajambula nthawi yaitali. Anawonjezera pambuyo pake njira yoipendeketsa kuti iloze ku nsonga ya kum'mwera, imene imathetsa vutoli, koma imafuna chopendeketsera cholimba. Amene akufuna thambo lotambalala ayang'ane Seestar S30 kapena Dwarf 3, zimene kutalika kwa galasi lake ndi mamilimita 150 m'malo mwa 250 a S50. N'zazing'ono kwambiri, koma magalasi ake ndi aang'ononso.

Ena amati makina amenewa ndi kubera, kuti munthu saphunzira kanthu. Sindigwirizana nawo kwenikweni. Mukaiuza kuti isunge kachithunzi kalikonse payekha, mukhoza kutenga tonse n'kukatikonza nokha pa Siril, ndipo kumeneko ndi kumene kuli theka la luso lonse. Za kuchepa kwa galasi, kumbukirani kuti Nicolas-Louis de Lacaille, amene analemba za Carina ndi Tarantula ali ku Cape mu 1751 ndi 1752, n'kulemba nyenyezi pafupifupi 10,000, ankagwiritsa ntchito katelesikopu ka galasi la theka la inchi. Chimene ndimavomereza n'chakuti simungaikulitse. Tracker mukhoza kuisinthira lenzi, kamera, sefa. Iyi mmene mwaigulira ndi momwemo.

Zida zonse za akadaulo

Zithunzi zimene mumaona n'kugwira pakamwa zimachokera kuno: telesikopu ya magalasi abwino ya mamilimita 70 kapena 80, mount (choikapo telesikopu chotsatira thambo) yolemera ngati Sky-Watcher HEQ5, kamera yopangidwira nyenyezi yokha ngati ZWO ASI533MC Pro imene imaziziritsa sensa yake madigiri oposa 30 kutsika pa mpweya wakunja, katelesikopu kachiwiri koyang'anira nyenyezi imodzi n'kumakonza kayendedwe ka mount, ndi kakompyuta koyendetsa zonsezi. Ndi sefa yopapatiza, zithunzi za mphindi zitatu kapena zisanu chilichonse zimatheka ngakhale pansi pa thambo la Joni, ndipo pakati pa mzinda pomwepa anthu amatulutsa ntchito yodabwitsa.

Koma walira mvula walira matope. Mount imeneyi pamodzi ndi miyendo ndi zitsulo zake zolemetsera imapitirira makilogalamu 20. Mawaya ndi ambiri, ndipo waya umodzi ukakoka usiku wonse wapita. Imafuna magetsi a 12V osadukiza, ndiye batire lalikulu n'lofunika. Mtengo wa zonse pamodzi umaposa wa Seestar kangapo. Ndinathandizapo mnzanga wina wa ku Zomba amene ali ndi nyumba yakeyake ku Roodepoort kutchera zake, ndipo tinatha mphindi 40 tisanajambule chithunzi choyamba. Iye zimamuyendera chifukwa ali ndi mpanda wake, amasiya mount panja ataifunditsa, mawa lake amangopitiriza. Wopanda bwalo lotere asayambire apa. Ngati mwatsimikiza kuti mudzafika kuno, ndalama zambiri muziike pa mount, telesikopu ikhale yaing'ono. Ndipo musanagule chatsopano pitani kaye ku misonkhano ya nthambi ya Johannesburg ya Astronomical Society of Southern Africa, bungwe limene lilipo kuyambira 1922. Kumeneko mudzagwira zidazi ndi manja anu, ndipo zogwiritsidwapo ntchito zimasinthana manja pakati pa anthu amene amadziwa mbiri yake.

Palinso kubwereka telesikopu ya kutali kudzera pa intaneti, monga za iTelescope ku Siding Spring ku Australia. Mumalipira nthawi, zithunzi zimabwera pa kompyuta. Pophunzirira kukonza zithunzi n'kothandiza. Ine sikundikhutiritsa, chifukwa chimene ndimafuna ndi kukhala panja pansi pa thambolo.

Ndiye kwa munthu wa lendi wopanda galimoto ndimati Seestar kapena inzake yaing'ono. Kwa amene ali kale ndi kamera ndipo amayenda, tracker. Ine ndinasunga zonse ziwiri: ina ya pakati pa sabata, ina ya paulendo.

Nyengo ndi malo

Joni ili ndi mwayi umodzi waukulu. Ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mvula kulibe, usiku umakhala woyera motsatizana masabata. Nthawi yomweyo ndi pamene pakati pa Mlalang'amba, kumene kuli Lagoon, Trifid, Eagle ndi Omega, pamadutsa pamwamba pa mutu. Chimasokoneza ndi utsi wa moto wa m'tchire ndi wa mbaula umene umakhala pansi m'nyengo yozizira, ndi fumbi la mphepo ya mu Ogasiti. Usiku wotsatira chimphepo chozizira chochokera ku Cape ndi umene umayera kwambiri. Valani zokwanira, chifukwa kumatsika pafupi ndi ziro, ndipo mabatire amatha msanga kukazizira. Orion ndi wa Disembala mpaka Febuluwale, nyengo ya mabingu amadzulo. Nthawi zambiri kumayera pakati pa usiku mvula itapita, koma mame amakhala ambiri. Carina imakwera bwino madzulo kuyambira Febuluwale mpaka Juni. Tarantula, imene ili kunja kwa Mlalang'amba wathu, mu mlalang'amba wina waung'ono wotchedwa Large Magellanic Cloud, kuwala kwake kutayenda zaka pafupifupi 160,000, kuno silowa pansi chaka chonse, koma imakwera bwino m'miyezi yotentha.

Magetsi akazimitsidwa m'dera lanu musayembekezere thambo la kumudzi. Nyale za pafupi zimasiya kukuthobwani m'maso, n'zoona, koma kuwala kwa madera ena onse kumakhalabe m'mwamba.

Potuluka mumzinda ganizirani mbali. Zambiri zimene tikufuna zili kum'mwera ndi pamwamba, ndiye ndi bwino mzinda ukhale kumbuyo kwanu. Kumbali ya Parys ndi Vredefort, makilomita pafupifupi 120 kum'mwera chakumadzulo, Joni imatsala kumpoto chakum'mawa ndipo kum'mwera kumada bwino. Magaliesburg ndi pafupi, ola limodzi, koma kuwala kwa mzinda kumakhala kum'mwera chakum'mawa, komwe Lagoon ndi anzake amatulukira. Waterberg ndi kwamdima kuposa konseku koma n'kutali. Kulikonse kumene mungapite, sankhani masiku oyandikira mwezi ukakhala mumdima, mugone pa famu kapena pa kampu yolipira yokhala ndi geti, mupite awiri kapena atatu n'kugawana mafuta. Osaima m'mphepete mwa msewu usiku ndi zida.

Ndipo kumudzi. Ambirife timapita mu Disembala, mitambo yokhayokha. Amene angathe kupempha tchuthi mu Juni kapena Julayi anyamule tracker kapena kamakina kaja m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi. Ku Lilongwe nsonga ya kum'mwera ili madigiri 14 okha, ku Blantyre pafupifupi 16, ndiye tracker muitchere mwatsopano ndipo mupeze malo amene phiri kapena mitengo ya mango sikutchinga kum'mwera. Kumeneko sefa muichotse. Coalsack imaoneka ndi diso lokha, chibowo chakuda pambali pa Mtanda, ndipo ndi lenzi ya 50 pa tracker, Mtanda, Coalsack ndi Carina zimalowa m'chithunzi chimodzi.

Ngati mwagula Seestar m'nyengo yozizira ino ndipo mukufuna kuyamba ndi Lagoon, samalani nthawi. Ku Joni nebula imeneyi imadutsa madigiri awiri okha kuchoka pamwamba penipeni pa mutu, ndipo makina oima mowongoka amavutika kutsatira chinthu chili pamenepo. Amayamba kutaya zithunzi chimodzi pambuyo pa chinzake. Pakati pa Julayi imafika pamwambapo cha m'ma 10 koloko ndi theka usiku. Yambani 7 koloko ikadali kum'mawa, mujambule mpaka cha m'ma 9, kenaka mutembenukire ku Eagle, imene imadutsa chakumpoto pang'ono, kapena mudikire Helix ituluke bwino pakati pa usiku.